Mwakopera khadi pa SSD koma Raspberry Pi sikubuta: poyang'ana ndi pati?

Raspberry Pi (kakompyuta kakang'ono) imene ikugwira ntchito ya seva pasukulu kapena mu ofesi kuno ku Salima imakhala yoyaka usana ndi usiku, ndipo memori khadi yake siichedwa kutopa, makamaka kumene magetsi amathima mwadzidzidzi. N'chifukwa chake ambiri amasamutsira zonse pa disiki ya SSD yobaya pa USB, ena amasunga khadi yachiwiri kuti yoyamba ikafa angobayapo ina. Vuto limaoneka tsiku loibayalo. Kanyali kofiira kayaka, koma mapulogalamu a maphunziro a Kolibri ndi Kiwix sakutseguka pa mafoni a ana, SSH, njira yolowera mu Pi kuchokera pa kompyuta ina, nayo sikuyankha. Ambiri akaona zimenezi amafufuta disiki n'kuyambiranso kukopera, koma akamaliza amapeza zomwezo. Nthawi zambiri mafayilo amakhala kuti anakopeka bwinobwino. Chofunika n'kudziwa pamene Pi yaima, chifukwa kubuta, kumene ndi kudzuka kwa kompyuta ikayatsidwa, kumayenda m'masitepe, ndipo sitepe iliyonse ikalephereka imasiya chizindikiro chakechake.

Musanakhudze chilichonse, chotsani khadi yoyambirira muisunge padera. Ngati muli ndi adaputala yaikulu ya SD, iikenimo n'kutsitsa kabatani ka m'mbali kuti isalembedwe. Kenako pezani sikirini ya HDMI, ngakhale TV ya kunyumba, pamodzi ndi kiyibodi. Pi 4 ndi Pi 5 zimafuna chingwe cha micro-HDMI, ndipo chibayeni pa HDMI0, yoyandikana ndi polowera magetsi. Kufufuza vutoli popanda sikirini n'kungolota. Mufunikanso kompyuta ya Linux yotsegulira disiki yokoperayo, kapena khadi ina yaing'ono yokhala ndi Raspberry Pi OS Lite yoti Pi idzukirepo pamene mukukonza. Disikiyo ili ndi magawo awiri, koma Windows imangoona gawo loyamba. Lachiwiri silizindikira, ndipo imakufunsani kuti ilifomate. Kanani. Mukavomera, zonse zapita.

Mmene Pi imadzukira

Disiki ya Raspberry Pi OS ili ndi magawo awiri. Loyamba ndi laling'ono, la FAT32, momwe muli config.txt, cmdline.txt, kernel ndi mafayilo a .dtb. Lachiwiri ndi la ext4, momwe muli dongosolo lonse ndi zanu zonse. Pa Pi 4, Pi 400 ndi Pi 5, choyamba kudzuka ndi bootloader, pulogalamu yaing'ono yoyambitsa zonse, imene imakhala mu kachipu ka EEPROM pa bodi penipeni, osati pa khadi. Iyo imafunafuna gawo la FAT n'kukweza kernel, mtima wa dongosolo lonse (pa Pi 4 ndi Pi 400 imatero kudzera mu fayilo ya start4.elf). Kernel imapatsidwa zolembedwa mu cmdline.txt kuti idziwe kumene kuli gawo lachiwiri, ikalipeza systemd, pulogalamu yodzutsa zina zonse, imawerenga /etc/fstab n'kumangirira zotsala. Dziwani pano kuti kukopera khadi sikukopera zimene zili mu EEPROM. Pi ziwiri zooneka zofanana zikhoza kukhala ndi bootloader zosiyana, ina n'kubuta pa SSD, inzake n'kukana SSD yomweyo.

Ikaima pa bootloader

Ngati sikirini ikuonetsa chizindikiro cha Raspberry Pi pamwamba ndi mizere ya zolemba ikubwerezabwereza, ndiye kuti bootloader sinapeze poyambira. Werengani mzere umene ukuonetsa order. Nambalayo imawerengedwa kuchokera kumanja kupita kumanzere: 1 ndi khadi ya SD, 2 ndi netiweki, 4 ndi disiki ya USB, 6 ndi NVMe (SSD yolumikiza pa PCIe), ndipo f akutanthauza kuyambiranso. Choncho 0xf41 ikuti yesa khadi, kenako USB, kenako bwereza, pamene 0xf14 imayamba ndi USB. Ngati mulibe 4, Pi siidzayang'ana konse pa USB. Pi 4 zoyambirira za 2019 zinatuluka zisanaphunzire kubuta pa USB, ndipo luso limeneli linakhazikika mu bootloader ya September 2020.

Dzutsani Pi ndi khadi yothandizira ija, lembani `vcgencmd bootloader_version` kuti muone deti, kenako `sudo rpi-eeprom-update -a` n'kuyambitsanso. Dongosolo lobutira mumalisintha ndi `sudo rpi-eeprom-config --edit` kapena mu raspi-config, pa Advanced Options, Boot Order. Ngati bandulo ya intaneti ndi yochepa, njira yotchipa ndi Raspberry Pi Imager: pa Misc utility images, Bootloader, sankhani USB Boot, lembani pa khadi iliyonse yopanda ntchito. Fayilo yake ndi yaing'ono kwambiri. Mukaibaya mu Pi n'kuyatsa, pakapita masekondi pang'ono sikirini imabiriwira ndipo kanyali kobiriwira kamaphethira mofulumira osaleka. Zimitsani, chotsani khadiyo, basi.

Pi 3B ilibe EEPROM yotereyi. Imafuna kuti mulembe `program_usb_boot_mode=1` mu config.txt ya khadi n'kuiyatsa kamodzi, ndipo kusinthako sikubwezeka. Mukalemba `vcgencmd otp_dump | grep 17:` muyenera kuona 17:3020000a. Pi 3B+ inabwera yokonzeka kale. Pa Pi 5 yokhala ndi NVMe, onetsetsani kuti mu order muli 6, mwachitsanzo 0xf416, ndipo ngati kabodi ka NVMe sikotsatira muyezo wa HAT+, onjezani `PCIE_PROBE=1` mu EEPROM. Koma musanafike kumeneko yang'anani kachingwe kophwatalala ka PCIe. Kakalowa mopendekeka kapena chagada, disiki sioneka ngakhale pa lsblk, lamulo loonetsa madisiki olumikizidwa. Ngati munaika `dtparam=pciex1_gen=3` mu config.txt, ichotseni kaye, chifukwa liwiro lovomerezeka pa Pi 5 ndi Gen 2.

Kanyali kobiriwira nako kamalankhula, bola muwerenge modekha, chifukwa kamaphethira, n'kupuma, n'kubwereza. Kuphethira kwakufupi kanayi ndiye kuti start.elf, imene pa Pi 4 ndi start4.elf, sinapezeke. Kasanu ndi kawiri ndiye kuti kernel palibe. Kwakutali kawiri n'kutsatira kwakufupi kamodzi, gawo loyamba si la FAT. Kwakutali kawiri ndi kwakufupi kawiri, gawolo likukanika kuwerengeka. Kwakutali kanayi ndi kwakufupi kanayi, mapulogalamu ali pa disikiyo sakuidziwa bodi imeneyi. Kwakufupi kasanu ndi katatu ndi vuto la RAM ya pa bodi, ndipo pamenepo disiki ilibe mlandu.

Gawo loyamba limakhala losakhala FAT makamaka munthu akagawa yekha SSD n'kulifomata ngati exFAT kapena NTFS, kapena akaiwala kukopera za mu /boot/firmware. Kuiwalaku kumachitika kwambiri pokopera mafayilo ndi rsync yokhala ndi -x, chifukwa -x sadutsa malire a gawo, ndiye gawo la boot limafuna kukopera kwakekwake.

Nkhani ya PARTUUID

Apa ndi pamene pagona mavuto ambiri, choncho tikhalapo pang'ono. Zizindikiro zake ndi izi: sikirini ionetsa zolemba za kernel kenako n'kuima pa "Waiting for root device PARTUUID=", kapena pakapita kanthawi n'kulemba "ALERT! PARTUUID=... does not exist" n'kukusiyani pa (initramfs), kapena "Kernel panic - not syncing: VFS: Unable to mount root fs". Zonsezi zikunena chinthu chimodzi: gawo loyamba lawerengeka, kernel yadzuka, koma gawo lachiwiri limene yauzidwa kuti ilifune silikupezeka. Ngati uthenga wa panic ukuthera ndi unknown-block(179,2), nambala 179 ndi ya khadi ya SD, kutanthauza kuti kernel ikulimbana ndi gawo lachiwiri la khadi, osati SSD yanu.

Disiki yogawidwa mwa MBR, njira yogawira imene Raspberry Pi OS imagwiritsa ntchito, ili ndi nambala yake ya zilembo 8 yolembedwa mu sekita yoyamba, kuyambira pa byte 440. PARTUUID ndi nambala imeneyi kuphatikiza nambala ya gawo, monga 4e639091-01 ndi 4e639091-02. Nambalayi imalembedwa malo atatu: kamodzi mu cmdline.txt pa root=, ndi kawiri mu /etc/fstab. Zimasokonekera m'njira ziwiri zotsutsana, ndipo mankhwala ake ndi osiyana.

Njira yoyamba ndi pamene munagawa SSD panokha n'kukopera mafayilo ndi rsync, cp kapena GParted. SSD ili ndi nambala yake yatsopano, koma cmdline.txt ndi fstab zikutchulabe ya khadi yakale. Dzutsani Pi ndi khadi yothandizira, bayani SSD, ndipo onani zimene zilipo:

`lsblk -o NAME,SIZE,FSTYPE,LABEL,PARTUUID,MOUNTPOINT`

Khadi imaoneka ngati mmcblk0, SSD ya USB ngati sda, NVMe ngati nvme0n1. Tsimikizani poona kukula kwake, musamangoganizira. Ngati desktop yatsegula yokha magawowo pansi pa /media, gwiritsani ntchito malo amenewo. Apo ayi:

`sudo mkdir -p /mnt/boot /mnt/root`
`sudo mount /dev/sda1 /mnt/boot`
`sudo mount /dev/sda2 /mnt/root`
`cat /mnt/boot/cmdline.txt`
`cat /mnt/root/etc/fstab`

Yerekezani nambala za m'mafayilo awiriwa ndi zimene lsblk yaonetsa pa sda1 ndi sda2. Zikasiyana, sinthani zonse nthawi imodzi. Tiyerekeze kuti yakale ndi 4e639091 ndipo ya SSD ndi 7c1d20fa:

`sudo sed -i 's/4e639091/7c1d20fa/g' /mnt/boot/cmdline.txt /mnt/root/etc/fstab`

Timakonda sed kuposa kulemba pamanja chifukwa zilembo 8 zosakaniza manambala sizichedwa kuphonyeka, ndipo cmdline.txt ndi fayilo yosachedwa kukwiya. Iyenera kukhala mzere umodzi basi. Kernel imangolandira mzere woyamba, choncho mukadina Enter pakati, zonse za pansi zatayika, ndipo root= kapena rootwait ikakhala kumeneko Pi siidzuka. Mukatsegula ndi nano pa sikirini yopapatiza mzerewo umaoneka ngati wadulidwa, koma musaukonze, uli bwino. Pali msampha wina pa Raspberry Pi OS ya Bookworm, imene inatuluka mu October 2023. Kuyambira pamenepo gawo loyamba limamangiriridwa pa /boot/firmware, osati pa /boot ngati kale, ndipo mu /boot munatsala kafayilo ka cmdline.txt kongonena kuti fayilo yeniyeni inasamuka. Anthu amasintha /mnt/root/boot/cmdline.txt n'kumadabwa kuti palibe chasintha. Yeniyeni ili pa gawo la FAT.

Ena amathawa nkhani yonseyi polemba root=/dev/sda2. Zimagwira, mpaka tsiku limene wina wasiya fulashi yake pa Pi magetsi n'kuthima. Akabwera, fulashiyo ikhoza kutenga dzina la sda, SSD n'kukhala sdb, seva osadzuka. Poyesera n'zololeka, koma musasiye choncho.

Njira yachiwiri ndi pamene munakopera ndi dd, Win32 Disk Imager kapena balenaEtcher. Zida zimenezi zimatenga sekita iliyonse, ndi nambala ija yomwe, choncho khadi ndi SSD zili ndi PARTUUID imodzi. Disiki yokoperayo ikakhala yokha mu Pi palibe vuto. Zonse ziwiri zikabayidwa, zimakhala ngati ana awiri a dzina limodzi m'kalasi, aphunzitsi akaitana amayankha amene wamva msanga. Pi ikhoza kutenga kernel pa khadi n'kutenga gawo lachiwiri pa SSD, mawa n'kuchita mosemphana. Choopsa n'chakuti zimaoneka ngati zikuyenda. Ndiye tsiku lina muchita apt full-upgrade, kernel yatsopano ilembedwa pa gawo la boot la disiki ina pamene ma module ake alembedwa mu /lib/modules ya disiki inayo, ndipo mukayambitsanso Wi-Fi yasowa kapena Pi yakaniratu. Kuti mudziwe chimene chikuchitika, Pi ikadzuka lembani `findmnt /` ndi `findmnt /boot/firmware`. Zonse ziwiri ziyenera kuloza disiki imodzi.

Mankhwala achangu n'kungochotsa khadi. Koma ngati mukufuna kuti zizikhala pamodzi, ipatseni SSD nambala yatsopano. Masulani magawo ake kaye ndi umount, kenako:

`sudo sfdisk --disk-id /dev/sda 0x7c1d20fa`

Ngati sfdisk yanu ndi yakale ndipo siikuidziwa njirayi, tsegulani `sudo fdisk /dev/sda`, dinani x, kenako i, lembani nambala yoyamba ndi 0x, dinani r, n'kumaliza ndi w. Zulani SSD muibayenso, n'kusintha cmdline.txt ndi fstab za pa SSD ndi sed ija. Za pa khadi musazikhudze. Amene akugwiritsa ntchito Ubuntu pa Pi adziwe kuti kumeneko magawo amaitanidwa ndi LABEL, writable ndi system-boot, ndiye kuwombana kwake kumakhala kwa mayina amenewa. Ndipo ngati munasintha disiki kukhala GPT, zimene zimafunika ikaposa 2TB, PARTUUID imasanduka yaitali ya zilembo 36 ndipo gawo lililonse limakhala ndi yakeyake, choncho sed imodzi siikwanira, muyenera kusintha mzere uliwonse paokha.

Pali mtundu wina wa vutoli umene umaonekera mochedwa. Kubuta kumayenda ndithu, kenako mzere wa "A start job is running for /dev/disk/by-partuuid" uwerenga mpaka mphindi imodzi ndi masekondi 30, n'kugwera mu emergency mode, nthawi zambiri ndi uthenga wakuti akaunti ya root ndi yokhomedwa. Apa cmdline.txt ili bwino, cholakwika chili mu fstab. Mwina munasintha mzere wa / n'kuiwala wa /boot/firmware, kapena mu fstab muli fulashi kapena hard disk ina, yosungira mavidiyo a maphunziro mwachitsanzo, imene pa Pi yatsopanoyi palibe. Disiki iliyonse yosafunika pobuta iikireni nofail pa mzere wake, kuti ikasowa Pi izingopitirira.

Magetsi

Nambala zonse zikagwirizana koma Pi n'kumadzuka lero mawa ayi, kapena n'kumafika pakati n'kuyambiranso yokha, kapena pa sikirini n'kumatuluka "I/O error", "USB disconnect" ndi "EXT4-fs error", kayikirani magetsi. Khadi imadya magetsi ochepa kwambiri, ndiye chaja chimene chinkayendetsa Pi bwinobwino kwa chaka chathunthu chikhoza kugonja SSD ikangobwera. Pi 4 imafuna 5.1V pa 3A, ndipo ma USB ake onse anayi pamodzi amapereka 1.2A yokha. Hard disk ya laputopu ya mainchesi 2.5 imatha kukoka pafupifupi 1A ikamayamba kuzungulira, ndipo mukaimva ikulira kuti tiki tiki osazungulira, yaperewera mphamvu. Imeneyo imafuna hub ya USB yokhala ndi magetsi akeake.

Pi 5 ili ndi khalidwe lina. Ikapanda kuzindikira chaja cha 5A, monga chija cha 27W, imachepetsa mphamvu ya ma USB kufika 600mA m'malo mwa 1.6A, ndipo bootloader imaima n'kulemba pa sikirini kuti kubuta pa USB kumafuna magetsi okwanira. Mukadina batani la magetsi imapitirira, koma pa seva yopanda sikirini palibe woona uthengawo. Mzere wa `usb_max_current_enable=1` mu config.txt umachotsa malirewo, koma uikeni pokhapokha mukudziwa kuti gwero lanu likhozadi kupereka mphamvuyo. Chaja cha foni cholembedwa 33W kapena 65W chisakunamizeni. Mawati amenewo chimawapereka pa ma volt apamwamba monga 9V, 12V kapena 20V, pamene Pi imangotenga 5V. Werengani timalemba ta pachajapo, mzere wa 5V, mupeza 2A kapena 3A.

M'masukulu a kumidzi monga cha ku Khombedza, Thavite kapena kumtunda kwa Dwangwa, Pi zambiri zimayendera sola, batire ya 12V ndi kachipangizo kotsitsa magetsi kufika 5V. Pamenepa choyamba kuchikayikira ndi chingwe. Chingwe chopyapyala chachitali chokhala ndi 0.2 ohm chimadya 0.5V pamene Pi ikukoka 2.5A, ndiye 5.1V yotuluka pa kachipangizoko imafika pa bodi ili 4.6V, pamene Pi imayamba kudandaula ikatsika pansi pa 4.63V. Pimani ndi multimeter pa mapini a GPIO, pini 2 ndi pini 6, nthawi imene SSD ikudzuka, osati pa kachipangizo. Samalani kuti nsonga za mita zisagunditse mapini awiri. Chingwe chikhale chachifupi ndi chonenepa. Ngati vuto limangobwera m'mamawa dzuwa lisanakwere, kapena masiku a mitambo m'dzinja, batire ndiyo yatopa. Pi ikadzuka, `vcgencmd get_throttled` imakuuzani zoona: 0x0 ndiye kuti zili bwino, 0x50000 magetsi anatsikapo chiyatsireni, 0x50005 ndi otsika panopa.

Kabokosi ka SSD

SSD ya SATA imalumikizidwa ku USB kudzera mu kachipu kali m'kabokosi kapena m'chingwe chake, ndipo si tonse timagwirizana ndi Pi. Yeso losavuta ndi ili: chotsani SSD pa USB yabuluu muibaye pa yakuda. Ikabuta pa yakuda, ngakhale mochedwa, disiki ndi zokoperazo zili bwino, vuto ndi kachipuko kapena magetsi. Dzutsani Pi ndi khadi yothandizira, lembani `lsusb`, ndipo pezani manambala awiri olekanitsidwa ndi kadontho kawiri. Odziwika ndi vutoli ndi a JMicron, monga 152d:0578. Mu `dmesg` mumaoneka mizere ya uas_eh_abort_handler. Uzani kernel kuti isagwiritse ntchito UAS, njira yachangu yolumikizirana ndi disiki ya USB, pa kachipuko poika ichi kumayambiriro kwa mzere wa cmdline.txt, n'kusiya mpata umodzi pambuyo pake:

`usb-storage.quirks=152d:0578:u`

Liwiro limatsika pang'ono, koma disiki imakhazikika. Izi zimangothandiza kernel. Ngati bootloader yeniyeniyo sikuiona disiki, quirks sathandiza. Bootloader imadikira zipangizo za USB masekondi 20, ndipo pa Pi 4 imathimitsa kaye magetsi a USB kwa sekondi imodzi poyamba. Timabokosi tina timachedwa kudzuka kapena timasokonezeka ndi kuthimitsako, makamaka pa reboot. Mu EEPROM mukhoza kukweza `USB_MSD_DISCOVER_TIMEOUT`, imene imawerengedwa mu ma millisecond, kapena kusintha `USB_MSD_PWR_OFF_TIME`. Kunena zoona, kabokosi kakavuta mpaka pamenepo ndi bwino kugula kena. Ta ASMedia, monga ASM1153E, timayenda bwino ndi Pi. Potumiza munthu ku Lilongwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 100 pa M14, muuzeni akayese pa laputopu n'kuona dzina la kachipu asanalipire, chifukwa kunja timabokosi tonse timaoneka tofanana. Chinanso chongodutsa: USB 3 imasokoneza Wi-Fi ya 2.4GHz, ndiye ngati Pi yanu ndi hotspot ya kalasi, musagoneke SSD pamwamba pa bodi.

Pamene zokoperazo ndizo zili ndi vuto

Makhadi awiri olembedwa 32GB sakhala ofanana ndendende. Ina imaperewera ma megabyte angapo, ndipo dd imathera ndi "No space left on device", uthenga umene anthu ambiri sauwerenga. Tebulo la magawo limanena kuti gawo lachiwiri likufika patali kuposa pamene khadi yathera, ndipo kernel imakana kulitsegula. Yerekezani ndi `sudo blockdev --getsize64 /dev/sda` pa disiki iliyonse. Yolandira ikakhala yaing'ono ngakhale ndi byte imodzi, dd siyoyenera. Chepetsani gawo lachiwiri ndi GParted pa kope, osati pa khadi yoyambirira, kapena gwiritsani ntchito SD Card Copier imene ili pa desktop ya Raspberry Pi OS. Iyo imakopera mafayilo, choncho imalola disiki yaing'ono bola zonse zikwane, ndipo mukachonga New Partition UUIDs imakonza yokha cmdline.txt ndi fstab. Pa Lite, yopanda desktop, rpi-clone imagwira ntchito yofananayo.

Makhadi ndi mafulashi achinyengo aliponso m'misika. Yalembedwa 64GB koma mkati muli 8GB, ndipo kukopera kumatha popanda dandaulo lililonse chifukwa kachipu kake kamanama. Gawo loyamba limawerengeka chifukwa lili koyambirira, koma lachiwiri limakhala zinyalala. Yesani khadi iliyonse yatsopano ndi f3write ndi f3read pa Linux, kapena H2testw pa Windows, musanaidalire.

Kukopera ndi dd pamene Pi ikugwira ntchito kumabweretsanso mavuto, chifukwa mafayilo amasintha kukopera kuli mkati. Nthawi zambiri zimakonzeka. Magawo ali omasulidwa, lembani `sudo fsck.vfat -a /dev/sda1` kenako `sudo e2fsck -f /dev/sda2`. Mafunso akakhala ochepa, vomerani. Akachuluka mpaka mazana, lekani, zimitsani Pi, tulutsani khadi ndipo koperani pa kompyuta ina:

`sudo dd if=/dev/sdb of=/dev/sdc bs=4M status=progress conv=fsync`

Onani kawiri kuti if ndi khadi yakale, of ndi disiki yatsopano, ndipo tchulani disiki yonse, osati sdb2. Mukasemphanitsa, dd siifunsa.

Vuto lina losowa koma lozunguza mutu ndi la kukula kwa sekita. Khadi ya SD imawerenga masekita a 512 byte, pamene timabokosi tina ta USB ndi ma NVMe ena amaonetsa a 4096. Tebulo la MBR limasunga malo a magawo powerenga masekita, ndiye likakopedwa ndi dd pa disiki ya 4096, gawo lililonse limalozedwa malo otalikira kasanu ndi katatu kuposa pamene lili. Mukaona kuti lsblk ikuonetsa magawo a kukula kodabwitsa opanda FSTYPE, lembani `lsblk -o NAME,LOG-SEC`. Ikaonetsa 4096, sinthani kabokosi, kapena gawani disikiyo mwatsopano n'kukopera mafayilo ndi `rsync -axHAX`. Kukoka mafayilo ndi mausi sikugwira, chifukwa kumataya eni mafayilo ndi zilolezo zake.

Khadi yakale pa bodi yatsopano

Mukakopera khadi ya Pi 3 yokhala ndi dongosolo lakale la Stretch n'kuibaya mu Pi 4, siidzuka, chifukwa mulibe start4.elf ndi fixup4.dat, zimene zinabwera ndi Buster, dongosolo lotsatira, mu 2019. Ngakhale pakati pa ma Pi 4, a pambuyo pake, kuphatikizapo ya 8GB ya 2020, amakana firmware yakale n'kulemba kuti bodiyo ikufuna mapulogalamu atsopano. Pa vuto la ma Pi 4 limeneli, bwezerani disiki mu Pi yakale, chitani `sudo apt update` ndi `sudo apt full-upgrade`, kenako yesaninso. Pi 5 imafuna Bookworm kapena yatsopano kuposa pamenepo, yokhala ndi bcm2712-rpi-5-b.dtb. Pa dongosolo la Bullseye, limene linatsogolera Bookworm, musavutike n'kuponyamo mafayilo amodziamodzi. Lembani Raspberry Pi OS yatsopano, ikaninso mapulogalamu, n'kusamutsa za mu /home ndi foda ya maphunziro yokha, kuti musadawunilodenso ma gigabyte onse aja.

Orange Pi, Rock Pi ndi ena

Mabodi amenewa, a machipu a Allwinner ndi Rockchip, amasiyana ndi Raspberry Pi pa chinthu chimodzi chachikulu. U-Boot, bootloader yawo, siikhala m'gawo lililonse, imakhala m'masekita apakati pa tebulo la magawo ndi gawo loyamba, pa 8KiB kwa Allwinner ndi pa sekita 64 kwa Rockchip. Mukakopera magawo okha kapena mafayilo okha, U-Boot imatsala, ndipo bodi imangokhala chete, sikirini yakuda bii. Ambiri mwa mabodiwa sathanso kuyambira pa USB mwachindunji, amafuna U-Boot ikhale pa khadi, pa eMMC kapena pa kachipu ka SPI. Pa Armbian, dongosolo la Linux la mabodiwa, gwiritsani ntchito armbian-install posamutsa, ndipo dzina la gawo lachiwiri lili pa rootdev= mu /boot/armbianEnv.txt. Kumeneko ndi UUID ya ext4, osati PARTUUID, choncho iyerekezeni ndi zimene blkid yaonetsa.

Ikadzuka

Lembani `df -h /`. Ngati munakopera khadi ya 32GB pa SSD ya 240GB ndi dd, muona 32GB yokha. Kulitsani gawo ndi `sudo parted /dev/sda resizepart 2 100%` kenako `sudo resize2fs /dev/sda2`. Ngati kopeyo ikupita ku Pi yachiwiri imene izikhala pa netiweki imodzi ndi yoyamba, isinthireni dzina ndi raspi-config, fufutani /etc/machine-id n'kupanga ina ndi `sudo systemd-machine-id-setup`, fufutaninso mafayilo a ssh_host mu /etc/ssh n'kulemba `sudo ssh-keygen -A`. Ngati yoyamba inali ndi IP yokhazikika, isinthenso, apo ayi ziwirizo zizilandana adiresi. Pomaliza iyeseni m'njira zonse ziwiri, ndi `sudo reboot` komanso kuizimitsa n'kuzula magetsi kwa mphindi imodzi, chifukwa timabokosi tina ta USB timadzuka pa njira imodzi n'kukana inayo.